Mbewa za pa Chiliza Chanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Kawama tilipo, ngakhale kuti "tilipo" wake ndi uja wongoyankhira moni. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani chifukwa nkhani imene ndili nayo si yoyambira kalata. Ndiye ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukafuna kutikalipira.

Mpongozi wanu, mkazi wa Dalitso, anaona mwana wamkazi mwezi wa Epulo ku Kitwe. Anamutcha dzina lanu, Anastazia. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akakwiya amachikwinya mmene munkachitira inu mukaona munthu wabereka chopopera mankhwala kumsana. Dalitso akadali ku mgodi, koma ntchito yake ndi ya kontrakiti, mwezi uno alipo, mwezi wamawa sakudziwa. Ine ndikadali pa shopu ija ya misomali ndi utoto.

Munda wanu wa kuseri kwa Chipulukusu, umene atate anagula atapuma ku mgodi, ndinausunga monga munandiuzira muli gone m'chipatala. Dzinja lonse sindinakwezemo mzere kapena kutentha chinyalala. Ndinkangoyala udzu ndi masamba a nthochi pansi, n'kumaboola pobzala. Mawu anu aja ankandilira m'khutu: "Nthaka ili ngati munthu, Misozi, sikondwa kukhala maliseche." Ngalande zimene munakumba mopingasa kumtunda zinagwira madzi bwinobwino, pamene feteleza wa anzathu oyandikana nawo ankakokoloka kupita mu mtsinje wa Kafubu. Achule ankalira moti ine ndi mnzanu uja Bana Mulenga tinkachita kukuwirana polankhula. Nkhanga zinaikira mazira pansi pa nandolo. Mtima unati tenga awiri okha ukakazinge, koma ndinaopa kuti mungandibwerere kutulo.

Ndipo gwape wanu anabwera, Amayi, wamkazi uja wong'ambika khutu. Anakhazikika m'katchire ka pansi pa mtengo wa mpundu, kamene munkakatcha "kwa alendo", komwe simunkalola khasu kapena nkhwangwa kulowako. Beseni lanu lakale lija ndinkalithira madzi ndikapita, ndipo m'mawa ndinkapeza timapazi take m'matope.

Masika tinakolola maungu mpaka kusowa powaika. Chimanga, nyemba, mbatata, zonse zinachita bwino. Mizere ya kumalire ndinaisiya yosakolola monga mwa lamulo lanu, kuti njiwa ndi nkhanga zidyeko. Amayi a ku mphakati ankandiseka kuti ndatengera misala ya mayi wanga yolimira nyama zakutchire. Ndinkawayankha ndi mawu anu omwe aja, kuti nyumba za njerwa zadya tchire lonse la Ndola, nanga tinyamati tipite kuti, tikachite lendi kumayadi a ku Parklands?

Itafika nyengo yozizira ndinapempha masiku ku ntchito, n'kukalambula mpata wotchinga moto kuzungulira munda wonse, mame asanathe monga munkanenera. Manja anatuluka matuza. Mphepo ya Ogasiti itayamba, moto wa anthu ootcha makala unafika mpaka pampatapo n'kuzima wokha. Tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine mwana wanu. M'mwezi womwewo ndinaona gwape uja akutuluka m'katchire ndi kamwana kumbuyo, miyendo ili njenjenje. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, chifukwa inu munadikira zaka zambiri kuti muone zimenezo.

Tsopano ndifike pa nkhani ija.

Mu Okutobala tinakonza zovundukula chiliza chanu. Mwala wake ndi wabwino, musadandaule, dzina analemba molondola. Amalume a Fabiano, mlongo wanu, anabwera kuchokera ku Katete. Bana Mulenga, mnzanu wa Chibemba uja, anabwera ndi gulu lake kudzachita chimbuya monga anachitira pa maliro anu, chibale chija cha nthabwala chimene Abemba amatiseka ife a Kum'mawa kuti timadya mbewa, ife n'kumawaseka kuti amadya anyani. Anatipaka ufa kumaso tonse a Kum'mawa, ngakhale amalume ndi jekete yawo yatsopano. Tikuchoka kumanda, Bana Mulenga anakuwa pagulu kuti, "Imwe ba kumawa, chiliza cha bwanji ichi chilibe mbeba? Mwasauka so, olo kakoswe kamodzi ka kutipatsako ise azimbuya anu?" Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, ndinawabwezera kuti akayambe abweretsa nyani wawo wootcha.

Koma mukuwadziwa mlongo wanu. Nthabwala ya chimbuya saisiya igone. Dzulo lake ndinali nditawaonetsa munda, ndipo iwo ataona udzu woyalidwa ponseponse anapukusa mutu, amvekere munda wa mlongo wawo wasanduka thengo. Anaonanso mauna a mbewa m'mbali mwa ngalande. Ndiye ife tili kalikiliki kugawa chakudya ku Kawama, iwo anazemba ndi asuweni awiri, khasu, ndowa ndi machesi, kuti akabwere ndi mbewa zodzatsekera Abemba pakamwa. Anachita monga amachitira kwawo chilimwe chilichonse: kutentha udzu kuti mauna aoneke.

Amayi, mpata wanga uja unali wotchinga moto wochokera kunja. Uwu unayambira pakati penipeni pa munda, masana dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuwomba, ndipo pansi ponse panali udzu wouma umene ine ndinayala ndi manja angawa. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, munkatero inu. Wathuyu anabwera ndi machesi.

Amene anandiimbira foni ndi bambo wa munda woyandikana nawo. Ndinafika ufa wa chimbuya udakali kumaso. Nthochi zinali zitagwa ngati zophika. Ming'oma ya njuchi inali ikufuka, uchi ukuchucha m'phulusa. Fulu wanu uja munamulemba mtanda wa utoto wabuluu pamsana kuti anthu asamudye, ndinamupeza pafupi ndi ngalande, mtandawo ukuonekabe. Kwa alendo kunalibe kanthu, timitengo takuda tokhatokha. Kamwana ka gwape ndinakapeza pawaya amene tinamanga kuti agalu asamalowe. Kanayesa kudutsa, kanakodwa. Mayi wake sindinamuone, wamoyo kapena wakufa.

Amalume anali chiimire pamsewu, nsidze zitapsa, ndowa ili m'manja. M'ndowamo munali timbewa tosakwana n'komwe mbale imodzi. Anayamba kundiuza kuti udzu umaphukanso, kuti makolo athu akhala akutentha chikhalire. Ine ndinangowaonetsa kagwape kaja. Ndinakakwirira pansi pa mpundu iwo akuyang'ana, ndipo m'mawa mwake anakwera basi osatsanzika. Sindinawatukwane, Amayi, ndi mlongo wanu, ndipo ankafuna kukulemekezani. Koma mtima wanga sunawakhululukire, ndikanama kwa inu ndinamiranji. Bana Mulenga chichokereni tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano. Akandiona ku msika amakhotera kwa ogulitsa nsomba za kapenta, manyazi a nthabwala yake ija. Chimbuya cha zaka zonsezi chathera m'phulusa.

Tsono Dalitso akuti tigulitse. Akuti popeza munda wapsa, palibenso chosungira, ndipo anthu odula mapuloti afika kale kumalire athu ndi zingwe zawo. Akuti nyama zimene ndikudikirazo sizidzabweranso, chifukwa kumene zikanachokera kuli nyumba zokhazokha. Sindingamutche woipa. Ali ndi khanda m'nyumba ndi ntchito yosadziwika mawa lake. Akufuna tidzakhale pansi pa Khirisimasi, ndipo alongo anga enawo akuoneka kuti ali mbali yake. Ndatsala ndekha, ndipo ndikuopa.

Mvula yoyamba yagwa. Inapeza nthaka ili maliseche, n'kukokolola phulusa lonse kudzaza ngalande zanu. Ndakhala ndikuzifukula Loweruka lililonse, n'kumapempha udzu ndi makoko a chimanga kwa anthu kuti ndiyalenso. Nandolo wina waphukira m'zitsa. Mpundu waphuka mbali imodzi, mbali inayo ndi makala. Koma kuli zii, Amayi. Chule sindinamumve ndi mmodzi yemwe, nkhanga ngakhale nthenga yake.

Beseni lija silinapse, linangoda. Ndinalitsuka n'kulibwezera pamalo pake, ndipo ndimalithirabe madzi. Sabata yatha ndinapeza timapazi m'matope pambali pake, tiziboda tiwiritiwiri. Ndinagwada pansi, ndinayamba kukuitanani mokweza ngati wamisala. Ndinatitsatira mpaka pamene waya anagwa ndi moto. Kuseri kwake kunali mbuzi za munthu wina wa mapuloti atsopano, zikudya nandolo wanu wophukira uja. Ndinazithamangitsa ndi miyala, kenako ndinabwerera kukathira madzi ena m'beseni, chifukwa zinali zitamwa onse.

Pa Khirisimasi ndikakana, Amayi. Kaya andida, kaya andinena kuti ndikukonda nyama kuposa mwana wa mlongo wanga, dzanja langa silidzalemba pa pepala logulitsa. Wayayo ndimanganso, koma chakumtsinje ndisiya kampata kopapatiza, koti wong'ambika khutu uja akakhala kuti ali moyo adzapeze polowera. Ngati muli naye kumeneko pamodzi ndi kamwana kake, mundiuze kutulo, ndileke kuyang'ana m'matope. Mukapanda kundiuza, beseni lidzakhala ndi madzi mpaka tsiku limene adzandinyamule kudzagona pafupi nanu.

Moni kwa atate. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Misozi