Timaginito m'Thumba la Kumanzere

Lolemba, 3 Malichi

Abambo akunyumba atuluka m'chipatala lero. Bala laling'ono pansi pa phewa la kumanzere, m'kati mwake kamakina kothandiza mtima kugunda bwino. Iwo akukatcha batire. Adokotala anena pamaso panga: maginito asayandikire pamenepo, pazikhala danga loposa chikhatho, chifukwa amasokoneza kamakinako. Ine mtima myuu. Iwo kuseka.

Akuseka chiyani, poti m'nyumba muno maginito ndiye kwawo? Patebulo la pabalaza pali gulu la tindege ta pulasitiki, kalikonse kutalika ngati chala, ta masewera awo a nkhondo ya patebulo. Amakumana muholo ndi anzawo, madoda a imvi zawo, n'kumaponya madayisi ndi kugwetserana tindege. Masewera aakulu ali Loweruka la sabata yamawa. Tindegeto sitinaikidwe maginito ndi kamodzi komwe.

Lachitatu, 5 Malichi

Ayamba. Kuboola kamimba ka ndege, dontho la guluu, kamaginito kochepa ngati mutu wa machesi. Kena pansonga pa kandodo koonekera kamene ndegeyo imaimapo. Akangoziyandikizitsa, tha! Ndege yakhala m'malere, ndipo akhoza kuipendeketsa ngati ikukhota. Zokongola, sindikana. Koma maso ndi a munthu wamkulu. Amawerama mpaka chifuwa kukhudza tebulo.

Ndati khalani chowongoka. Akuti, "Timaginito iti tingaphe ndani? Ngakhale nyerere ingatiseke."

Mankhwala akwera mtengo. Guluu nayenso, koma uyo ndiye saiwalika kugula.

Lachinayi, 6 Malichi

Masana ndawapeza pampando, nkhope mbuu, thukuta pamphumi, akuti chizungulire. Ndikuwamasula mabatani, dzanja langa lagunda chinthu cholimba m'thumba la malaya. Timaginito tonse, tomatana mumzere ngati pensulo. Thumba la kumanzere. Pabala penipeni.

Ndatisolola n'kutiponya kutali, takamatirira kumwendo wa tebulo. Posakhalitsa magazi abwerera kumaso. Si dala, ndikudziwa. Zaka zonsezi amatiika m'menemo kuti tisasowe, dzanja limangopita lokha. Chimenecho ndiye chikundiopsa. Munthu ungakangane naye, nanga dzanja?

Anesi pafoni akuti zikachitikanso ndibwere nawo msanga. Eni ake akuti inali njala chabe. Nkhutukumve!

Lachisanu, 7 Malichi

Ndasoka matumba a malaya awo onse. Pamakina, mizere iwiriiwiri. Ngakhale oyera aja anavala paukwati wa mwana wathu. M'mawa ati aike magalasi m'thumba, magalasi pansi gwaa. Andiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndasanduka mwana woyamwa, eti mayi?"

Bola andide ali moyo. Tsiku lonse ali ndwii, tiyi wawo wazizirira m'kapu.

Lamlungu, 9 Malichi

Kunabwera a Dazi, mnzawo wa masewera. Ndinawakokera kukhitchini n'kuwapempha kuti atenge tindege akamalizire kwawo. Anakana uku akusisita mutu wawo wosalalawo. "Mlamu, kuchipatala kuja nkhani yawo inali tindege tokhatokha. Mukawalanda, mwawadula miyendo."

Kuyankhula n'kosavuta. Si iwo amene amakhalira kutchera khutu ngati munthu akupumabe.

Tagwirizana chimodzi. Maginito ndiziika ine, abambo azingolamula ali tsidya lina la tebulo. Abambo avomera ndi mutu wokha.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ntchito yake ndi yoyesa mtima. Guluu kumata zala. Kamaginito kudumphira palumo, papini ya tsitsi, paliponse kupatula m'kabowo. Nditamaliza zingapo ndinati ndiyese imodzi pakandodo. Ndege kukana, kuthawira kumbali ngati yaona apongozi. Kani maginito ali ndi mbali ziwiri, ina imakoka, ina imakankha. Ine ndinamata chotembenuza, zonse.

Abambo anaseka koyamba chitulukireni m'chipatala, mpaka misozi. Ndinaseka nawo. Kenaka anadzuka kuti andionetse, n'kuwerama pamwamba pa mulu wonse wa maginito. Ndinakuwa mpaka aneba anagogoda pachitseko.

Anabwerera pampando. Patapita kanthawi anandikankhira kabotolo ka penti yofiira, akuti ndizidontheza kumbali yolowa m'guluu, sindisokonezanso. Kugoba zolakwika zija ndi singano kwandidyera madzulo onse. Msana ukuwawa.

Lachinayi, 13 Malichi

Tamaliza. Zonse zaima pa tindodo tawo, zina chopendekera, monga anafunira. Iwo manja pamawondo, kuziyang'ana ngati ndi za eni. Ndawauza kuti Loweruka ndipita nawo, ndipo bokosi la tindege ndinyamula ine, chifukwa iwo amalikumbatira pachifuwa. Sanatsutse. Munthu amene amatsutsa ngakhale za nyengo.

Mwana wathu waimba, akuti nditaye zonse kudzala. Adzataye yekha, aone nkhope ya bambo ake.

Loweruka, 15 Malichi

Holo yotentha, mawindo awiri okha otsegula. Tebulo lalikulu loyala nsalu yabuluu, lotambalala moti kuti ufike pakati uyenera kuligonera ndi chifuwa. Nditangoliona ndinadziwa.

Poyamba anadzigwira. Anaima chapatali, manja kumbuyo, a Dazi ndiwo ankawasunthira ndege. "Ikhotere kumanja! Ayi, pang'ono!" Mawu awo akale aja. Ndinatsala pang'ono kukhazika mtima pansi. Koma masewera atatentha, ndege yawo ikuthamangitsidwa pakati pa tebulo, anaiwala zonse. Anagonera tindege tawo tina timene tinali m'mphepete, mkono uko. Ndisanafike ndinaona akuwongoka, dzandidzandi, dzanja likufufuza mpando.

A Dazi anatithamangitsira kuchipatala pagalimoto yawo. Ayeza, kamakina kali bwino. Adokotala sakutsimikiza ngati ndi maginito kapena kutentha ndi kuimirira nthawi yaitali. Koma chenjezo ndi lomwe lija, ulendo uno mopanda kumwetulira.

Lolemba, 17 Malichi

Dzulo sanadye. Lero m'mawa andiuza kuti ndilongedze zonse, tindege, tindodo, penti, madayisi. Aimbira okha a Dazi kuti adzatenge. "Mwapambana, mayi." Osati mwaukali. Bola akanakalipa.

Tebulo la pabalaza lili mbee, mmene ndakhala ndikulifunira zaka zonsezi. Iwo ali pampando, maso kukhoma kuyambira m'mawa. Wailesi ayi, nyuzipepala ayi. Ndanamizira kuwakonza kolala kuti ndimve mtima. Ukugunda bwinobwino. Koma mwamuna amene ndimamutchinjirizayo sindikumuona pampandopo, ndipo mantha a lero aposa a Loweruka.

Malamulo a masewerawo sindiwadziwa. Madayisi sindinawagwirepo chibadwire. Koma mkono wofika pakati pa tebulo ndili nawo, ndipo m'chifuwa mwanga mulibe batire.

Hutala ya galimoto panja. Ndi a Dazi. Bokosi ndalibweza kuchipinda. Ndikukawauza kuti muno satulukamo ndi kanthu, ndipo Loweruka atisungire mipando iwiri. Abambo sindinawafunse.