Dzina la Amayi pa Chikwangwani

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Ndisanatsegule shopu yanga yosoka maovolosi kuno ku Kabushi, pafunika chilolezo cha boma ndi chanu.

Za boma zatheka. Ndinapereka mayina atatu a shopuyi nditaona kalembedwe kake kanayi. Dzulo andiyankha kuti loyamba, Anastasia Workwear, palibe analitenga m'Zambia monse muno. Uthengawo ndinauwerenga mu minibasi mpaka kupitirira potsikira.

Koma dzinali ndi la malemu amayi, mlongo wanu, ndipo sindingalipachike pakhomo inu musanalole. Aboma andisungira dzinali masiku 30 okha. Za ntchito yanga ya kufakitale musamvere za anthu, ndidzakufotokozerani ndekha.

Chonde yankhani sabata ino. Wolemba chikwangwani wagula kale penti.

Ine muphwa wanu,
Priscah