Kajumbo Komaliza ka Nkhuku ya Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi yakupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti mwana wanu Kachiwala sakudya, ndipo ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Kuntchito zikuyenda. Mvulayi yakumba misewu, ndiye matayala omata sakusowa. Abwana anandilola kumaweruka msanga kuti ndizikatenga mwana kwa mayi oyandikana nafe amene amamusunga masana.

Mukudziwa kuti malemu alamu anu ankaphika ku lesitilanti. Kumeneko anaphunzira chakudya china chachilendo, amati kesadiya. Sichovuta ayi. Umatenga buledi wopyapyala wozungulira ngati mbale, wogula kale m'sitolo, n'kumuyala mu felempani yotentha. Mbali imodzi umawazapo tchizi, kenako nkhuku yophika kale yonyotsola, kenako tchizi pamwamba kuti zigwirane. Umapinda, n'kudina ndi chipande. Pansi pakafiira umatembenuza. Madzi a tiyi asanawire, chapsa.

Asanakagonekedwe kuchipatala, anaphika nkhuku zingapo, kuzinyotsola, n'kumanga m'timajumbo. Tinakaika mu firiji ya eni nyumba, kumene kumaundana kuja. Anandiseka kuti mwamuna wopsereza ngakhale madzi ngati ine asawaphere mwana ndi njala iwo asanabwere. Ine ndinawauza kuti achepetse matama, pobwera adzapeza nditawalanda ntchito. Zotsalazo mukuzidziwa.

Chichokere maliro, Kachiwala amadya kesadiya wa nkhuku ya amake basi. Phala amalavula, mpunga amangouyang'ana. Kusikelo anamwino anandikalipira kuti mwana akutsika, n'kundifunsa ngati pakhomo palibe munthu wamkazi.

Achemwali, izi sindinauze munthu. Nkhuku ija ikangokhudza felempani, fungo lake limadzaza nyumba ngati mwini wake waima kuseri kwanga. Mwana amasiya zidole n'kuthamangira pakhomo, akuti amama akubwera. Salira. Amangoima pamenepo, dzanja lili pachitseko, mpaka ndimuitane. Pakudya amakoka mpando wawo uja, n'kumaucheza nkhani zake zonse za masana. Tsiku lina inenso ndinafunsa mokweza kuti amake mwana, mchere mwaika pati, ndipo ndinaima kudikira yankho, buledi n'kupserera. Ine si munthu wokhulupirira za mizukwa, mukundidziwa. Koma alamu anu anali amanzere, mfundo zimene anamanga patimajumbo zimapotokera kwina. Ndikagwira kajumbo chala changa chimakana kumasula. Ndimachita kudula ndi lumo m'munsi mwake.

Nditaona kuti timajumbo tikutha, ndinayamba kuyesa yanga. Ndinaphika ndi anyezi ndi mchere. Ulendo wina ndinathira adyo, wina tsabola pang'ono, wina mandimu. Kachiwala anangonunkhiza, n'kukankha mbale, akuti iyi ndi nkhuku ya matayala. Ndinasamba m'manja mpaka khungu kuyera, koma anakanabe. Ndinapita ku lesitilanti kuja. Mkulu wa ophika anandilandira bwino, anandipatsa zokometsera zawo papepala, koma anati ya kunyumba mayiwo ankaphika mwa nzeru zawo. Mayi oyandikana nafe nawo anayesa, inathera m'mimba mwa ana awo.

Chimene chinathandizako ndi kusakaniza, yanga yambiri, ya amake pang'ono. Ankadya, ngakhale mochita kutola. Mwa njira imeneyo ndakoka mpaka pano.

Tsopano katsala kamodzi. Sindinakatsegule. Masiku ano mwana akukhalira nthochi ndi tiyi wamkaka, ndipo siketi yake ndachita kuimanga ndi chingwe m'chiuno. Magetsi nawo akuzimazima. Akangozima kuntchito, ndimasiya tayala lili pakati, mtima uli ku firiji. Kuwonjezera apo, akazi a eni nyumba akuti ayamba geni ya nsomba, akufuna malo mwezi uno ukatha. Anandifunsa moseka ngati m'kajumbomo muli golide. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Lilime lanu ndimalidziwa, kunyumba munkangolawa ndiwo kamodzi n'kutchula amene waphika ndi chimene waiwala. Komanso munakhala ndi alamu anu kukhitchini nthawi imene mwanayu anabadwa, mwina munaona chimene ankatapa. Mukafika tidzasungunula kajumboka, mudzayambe ndinu kulawa, mundiuze zimene zilimo, ine ndizilemba. Ndekha ndalephera. Ndikaika mkamwa, sindimva mchere kapena tsabola. Ndiye ndikuopa kukatsegula ndili ndekha, paja madzi akatayika sawoleka.

Mukadzalephera kuzindikira sindidzakudandaulani. Bola tsiku limenelo mwana akadzathamangira pakhomo, m'nyumba mudzakhale munthu wina woti n'kumunyamula. Malo ogona alipo, ine ndidzagona pabalaza. Mukadziwa tsiku, tumizani uthenga, ndidzakuchingamirani pokwerera mabasi.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za kusikelo musawauze, angadwale nazo. Moni kwa alamu, muwapepese kuti ndikuwalanda munthu masiku ochepa. Moni kwa amalume ndi ana onse.

Kachiwala akupereka moni kwa azakhali ake. Ndamuuza kuti mukubwera, ndiye wandifunsa ngati mukwere basi imodzi ndi amama. Mudzandithandize kumuyankha.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kachiwala