Nsapato za Bambo Pakhomo la Mzikiti

Migowi, Phalombe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Ennie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma pakhomo sipali bwino, ndipo gwero lake ndi chithunzi changa.

Mukukumbukira kuti bambo analumbira pamaso pa mpingo kuti sadzapondako ku ukwati wa mng'ono wanu Lily, poti Imrani ndi Msilamu. Koma tsikulo anabwera mwakachetechete, navula nsapato pakhomo la mzikiti, nakhala kumbuyo. Iwowo sindinawajambule. Ndinajambula nsapato zokha, zabulauni zija za chigamba chofiira, zili pakati pa masilipasi a abale ake a Imrani. Chithunzicho chinandikongolera, ndipo ndinachipachika pawindo la situdiyo yanga. Sindinaganize kuti Migowi yonse imazidziwa nsapato zimenezo.

Lolemba kunabwera a Makina, mkulu wa mpingo mnzawo wa bambo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa tanthauzo lake. Ndinayesa nthabwala. Ndinati n'chithunzi cha mtendere, chifukwa nsapato za Chikhristu ndi za Chisilamu zinakhala limodzi mmawa wonse osakangana, ndiponso zabulaunizo n'zosalakwa poti zinatsala panja.

"Nanga mapazi ake anali kuti?" anafunsa osaseka.

A Makina akuti Lamulungu likudzali ndikaime pamaso pa akulu a mpingo, ndikatchule amene anazivala. Ndikanena zoona, bambo awachotsa pa udindo. Amayi akuti ndikanene kuti nsapatozo ndinazibwereka ndine. Ndikanavomera, achemwali, pakanapanda Lily. Akazi anakhala kwaokha tsiku lija, choncho iye sanadziwe kuti bambo analipo. Anadziwira pawindo langa. Analowa, nakhala pansi, nandifunsa kawiri ngati zinalidi za bambo. Ndinati inde. Tsono ndikaime pagulu n'kunena kuti sanabwere?

Mwina kusukulu ndinangophunzira kuona kuwala ndi mthunzi, osati anthu. Chithunzicho sindinachichotse, ndipo sindikudziwa ngati n'kulimba mtima kapena mantha chabe.

Amayi akupereka moni, akuti muwaimbire. Lily ndi alamu a Imrani nawonso. Bambo sakundilankhula, ndiye moni wawo ndilibe. Koma madzulo ano ndawapeza pakhonde akupaka polishi nsapatozo. Amayi atawafunsa kuti n'zachiyani, angoyankha kuti ndi zimene adzavale Lamulungu.

Mutipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Laston