Pemphero la a Pilato Layankhidwa

Nkando, Mulanje

Okondedwa achimwene Isake,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumeneko ku Joni, inu, alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo. Mvula yayamba bwino, chimanga chamera, nandolo nayenso watuluka.

Mwana wanga Diana wandiuza kuti ankhoswe akuchimuna anakuimbirani foni, ndipo inu mwawalonjeza kuti mundiuza ndiugwire mtima. Musanatero, werengani kaye kalatayi mpaka kumapeto.

Mukukumbukira kuti makutu anga anatseka nditadwala malungo aakulu aja, Diana akadali ku sekondale. Kuchokera pamenepo ndinkakhala ngati munthu ali pansi pa madzi. Pamsika ogula ankafunsa mtengo wa nanazi, ine n'kumangomwetulira ngati chidzete. Tsiku lina minibasi inatsala pang'ono kundigunda, hutala sindinaimve.

Ndiye alamu anu a Pilato anati ndizikhala pakhomo. Benchi langa lapamsika analipereka kwa Lettie, mwana wa amayi aang'ono, yemwe uja ndinamulera ndekha amayi ake atamwalira. Lettie ankabwera tsiku lililonse kudzandithandiza kuphika ndi kuchapa. Ndinkathokoza Mulungu kuti ndinalera munthu.

Mwezi wa Seputembala Diana anandiitana ku Limbe kuti ndikaone khanda lake. Ndili komweko ananditengera kuchipatala cha makutu. Anandiyeza, ndipo patapita masiku anandiveka timakina tiwiri tokoleka kuseri kwa khutu, kukula kwake ngati nyemba ya kalongonda. Adokotala atangotiyatsa, chinthu choyamba kumva chinali mdzukulu wanga akumeza mkaka. Achimwene, ndinalira ngati pamaliro. Ndinali nditaiwala kuti masilipasi amalira munthu akamayenda.

Pobwerera ndinamanga duku mpaka kuphimba makutu. Ndinamuletsa Diana kuimba foni kunyumba, chifukwa ndinkafuna kuwadzidzimutsa a Pilato ndi nkhani yabwino. Ndinawagulira ngakhale malaya oyera.

Ndinafika masana, n'kuwapeza pakhonde ndi Lettie. Onse anandilandira akumwetulira. Ali chigwirire dzanja langa, a Pilato anauza Lettie kuti chitsa chija chabwera, ufulu watha. Lettie anaseka akundilandira chikwama, amvekere musadandaule, chitsa sichimva, tizingopitiriza.

Malaya aja sindinawatulutse. Duku sindinavule.

Ndinakhala choncho masabata angapo. M'mawa ndinkavalira timakinato kubafa, kumanga duku, n'kudzakhala pakati pawo ngati mtondo. Ndinamva zonse. Ndinamva kuti amakumana kwa Lettie mwamuna wake, a Brave, akapita kukalondera ku esiteti. Ndinamva kuti mwana wamng'ono wa Lettie ndi wa a Pilato. Ndinamva kuti Khirisimasi ikangodutsa adzanditengera ku Milange kwa azakhali, ati ndikapume, kenako adzakuuzani inu kuti mutu wanga wasokonekera, kuti nyumba ndi munda wa amayi athu zitsale m'manja mwawo.

Zonsezi ankakambirana ine ndili pomwepo ndikusankha nyemba. Tsiku lina a Pilato, akundisisita paphewa ngati munthu wachikondi, ananena kuti minibasi ija ikanangomaliza ntchito yake bwenzi tikupuma.

Koma chimene chinandidya kwambiri ndi Lettie. Ankaima kumbuyo kwanga n'kumanditsanzira, akukuwa kuti mwati chiyani, mwati chiyani, awiriwo n'kumagwa ndi phwete. Mwana amene ndinkamutsuka zilonda za mphere ndi manja angawa!

Mankhwala a makoswe anali pashelefu, ndipo ndiwo ndinkapakula ndine. Ndinawayang'ana, sindikubisirani. Koma ndinaona kuti akafa afa ndi ulemu wawo, anthu n'kuwaimbira nyimbo. Ine ndinkafuna akhale moyo, aziyenda pamsewu wa Nkando anthu akuwaloza.

Mukudziwa kuti a Pilato ndiwo anali apampando a mphakati wathu, ndipo Lettie ndiye ankayambitsa nyimbo. Itafika sabata yathu yolandira mphakati, ndinaphika thobwa wambiri. Ndinapita ndekha kwa a Brave, amene sabwerabwera kumapemphero, n'kuwachonderera kuti ulendo uno okha abwere. Anthu anadzaza pansi pa mango.

Itakwana nthawi ya mapemphero, a Pilato anaika dzanja pamutu panga. Anapempha Ambuye amene anatsegula makutu a gonthi kuti atsegulenso makutu a mkazi wawo wokondedwa. Mawu akunjenjemera, achimwene, amayi ena mpaka kupukuta misozi. Akuti akhala akupemphera choncho zaka zonsezi. Ine kanali koyamba kulimva pempherolo.

Atati amen, ndinaimirira n'kunena kuti Ambuye ayankha. Ndinamasula duku, ndinatembenuka kuti aliyense aone timakina tija. Amayi anayamba nthungululu. Ndinawasiya amalize.

Kenako ndinati popeza tsopano ndikumva, ndiloleni ndichitire umboni zimene ndamva. Ndinayambira pa chitsa, kudzera ku Milange, kukafika pa minibasi. Sindinakuwe. Ndinamutsanzira Lettie mmene amanditsanzirira, ndikumuyang'ana m'maso. Nkhani ya mwana ndinaisunga komalizira.

A Pilato anayesa kuseka. Anati makina amenewa ndi abodza, amakoka mawu a pa wailesi. Ndinawauza kuti aime kumbuyo kwanga mmene amachitira, anene chilichonse, ndibwereze pamaso pa anthu. Sanayerekeze, anangokhala pansi.

A Brave anangoyang'ana mwana amene anali kumsana kwa Lettie, kumuyang'ana nthawi yaitali, n'kuika kapu ya thobwa pansi bwinobwino, n'kunyamuka. Dzuwa lisanalowe katundu wa Lettie anali panja. A Brave okhawo ndi mwanayo ndiwo ndimawamvera chisoni. Sanalakwe kanthu.

Zovala za a Pilato ndinazilonga m'thumba la feteleza n'kukaziika mphepete mwa msewu. Ndinawakumbutsa kuti pano ndi pa amayi anga, iwo anabwera ndi buluku limodzi. Malaya oyera aja ndinampatsa wamisala uja amagona kuseri kwa mabenchi a nsomba, ndipo amawavala tsiku lililonse. A Pilato upampando anawachotsa, pano akugona kwa mng'ono wawo ku Thuchila.

Benchi langa ndinalitenga. Ndikugulitsanso nanazi ndi mapeyala, ndikunenerera ndekha, ndipo kondakitala akaitanira za Limbe ndimamva ndili kuno. Msewu ndimawoloka popanda wondigwira dzanja.

Sabata yatha Lettie anabwera pakhomo. Anagwada pafumbi, misozi ili mbwembwembwe, ati achemwali ndimvereni. Ndinakhala pansi moyang'anana naye. Ndinachotsa kamakina kakumanja, kenako kakumanzere, n'kutitsekera m'kabokosi kake iye akuona. Ndinamuuza kuti lankhula tsopano, chitsa chili pano. Ndinaona milomo yake ikugwedera mpaka anatopa, n'kudzuka, n'kumapita.

Abambo mfumu anandiyendera. Akuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinawayankha kuti Mulungu yemweyo ndiye anandibwezera makutu pa nthawi yake. Mwina tsiku lina mtima udzazizira, koma lero sunazizire, ndipo sindinama kuti wazizira.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu ndinu nkhoswe yanga, mawu anu ndiwo adzamange kapena kumasula nkhaniyi. Akuchimuna akufuna munene kuti banja ndi kupirira, kuti a Pilato abwerere m'nyumba muno. Musanene zimenezo. Munthu amene anandilakalakira minibasi ndigonenso naye chipinda chimodzi, usiku timakina nditachotsa, osamva ngakhale phazi lake?

Munandibereka kumsana pothawa nkhondo, ndipo simunanditaye pamtsinje wa Muloza. Musanditaye lero chifukwa chofuna kuoneka abwino kwa akunyado anu a Pilato. Bwerani pa Khirisimasi, tidzakhale pansi ndi ankhoswe awo, ukwati umenewu udzathe anthu akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tsopano akhoza kundiimbira foni, ndiwamva. Moni kwa ana onse. Mulungu akusungeni pantchito ndi panjira.

Pobwera mundigulireko mabatire a timakinati, ang'onoang'ono ngati mabatani a malaya, Diana akutumizirani chithunzi chake. Mugule ambiri. Tsiku limenelo a Pilato akamadzapepesa ndikufuna ndidzamve liwu lililonse, ndisanawakanire.

Ndine mlongo wanu,
Rosaria