Chilombo chinatera pachitsa, wotupa mwendo ndine

Aphungu,

Ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ndine bambo wa ana anayi, mlimi wa chimanga ndi mtedza kuno kwa Mlolo. Achinyamata ena ku boma akonza mpikisano wa pa tsiku la ufulu wa dziko lathu, pa 24 Okutobala, umene akuutcha duwathiloni. Umayamba ndi kuthamanga wapansi, kenako ukwera njinga, ukatsika uthamanganso. Wopambana alandira njinga yatsopano. Ine ndinalembetsa dzina kalekale, ndipo ndinalengeza pamowa kuti mlamu wanga Terrance, yemwe walembetsa nawo, adzangomwa fumbi langa.

Kukonzekera ndiye sindinakonzekere kwenikweni. Ndinathamangapo kamodzi kulowera kudambo, agalu a kwa a Simeoni anandibweza. Koma njinga ndinayamba kupalasa ndili mwana, ndipo kuchigayo ndimapita ndi thumba lathunthu pakaliyala osatsika pachitunda.

Vuto ndi ili. Posachedwapa kunali gule pamwambo woika chiliza m'mudzi mwathu. Chilombo china chodumpha kwambiri chinalumpha n'kutera pachitsa ndi mwendo wamanzere. Bwalo lonse linaona, ndi amayi oimba omwe, chikutuluka chikutsimphina. Ine za chilombocho sindidziwa kanthu, Aphungu, mundimvetse bwino. Kungoti kuyambira tsiku lomwelo kakolo wanga wakumanzere watupa ngati dzungu, wada bii, ndipo ndikaponda ululu umafika kumutu.

Ndiye ndikuyenda mowongoka nditaluma mano, nditavala jombo za mphira kuti kutupako kusaoneke. Terrance wandipezerapo poyambira. Tsiku lina anandifunsa pagulu kuti, "Alamu, jombo mu Okutobala? Mwayamba kulosera mvula?" Anthu ataseka anawonjezera kuti, "Tikaonana pamsewu, ngati miyendo yonse ilipo." Ndikapanda kuthamanga mudzi wonse ulumikiza nkhani ziwirizi, ndipo kwathu kuno umenewo ndi mlandu kwa akuluakulu. Kuchipatala sindinapite, ndikuopa kuti akandifunsa chimene ndinkachita.

Mwayi wake mkazi wanga Lonia sakudziwa chilichonse. Amangoika beseni la madzi otentha ndi kansalu kuseri kwa nyumba madzulo aliwonse, ati ndi za aliyense wofuna kudzithowa. Dzana akusenda mtedza wambewu anangoti, "Chilombo chija chikanapuma ndithu, mvula ili pafupi." Ine ndinangoti eya.

Ndaganiza zomanga kakolo ndi mphira wa chubu, ndimwe mapilisi opha ululu angapo, ndikathamange basi. Njinga yanga ilibe mabuleki, ndimaimitsa ndi chidendene patayala, chakumanzere chomwecho, koma akuti msewu wake ulibe mitsetse yambiri. Kodi ndilimbe mtima?

Z.B., Mlolo, Chadiza

Bambo Z.B.,

Ine ndine mzimayi, ndinakulira ku Pembamoyo ndikuomba m'manja pabwalo, choncho za kudambwe sindizidziwa ndipo sindifunsa. Ndakukhulupirirani kuti chilombocho simukuchidziwa. Ndangogoma ndi chifundo chanu. Chitsa chabaya wina, wotupa ndinu! Anthu a mtima wotere akusowa masiku ano.

Musathamange. Ndanena poyamba pomwe kuti ngati mungatope kuwerenga, zimenezi zokha mutenge.

Tione kukonzekera kwanu. Mwathamanga kamodzi, ndipo liwiro lake anakupatsani ndi agalu. Kukwera chitunda ndi thumba la chimanga ndi mphamvu ndithu, sindikutsutsa, koma kuchigayo mukafika mumakhala pamthunzi kudikira pamzere. Uku mukatsika panjinga miyendo ili njenjenje, akuuzani kuti yambaninso kuthamanga, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Mukanakhala ndi akakolo awiri abwino ndikanakuuzanibe kuti mukungokaperekeza anzanu. Inu muli ndi mmodzi, ndipo wodwalayo ndiye buleki.

Za mphirazo ndaseka mpaka misozi, kenako ndachita mantha. Kakolo si katundu wa pakaliyala, bambo. Mphira ukathina umatseka magazi. Mapilisi nawo sachiritsa fupa, amangoutseka pakamwa mwendo kuti usakuuzeni pamene ukuwonongeka. Kutupa kwakuda kosaphwa, munthu n'kumalephera kuponda, kungakhale kubinya chabe, kungakhalenso fupa losweka. Ine sindingadziwe ndili kuno, inunso simungadziwe mwendo uli m'jombo.

Mawa lomweli vulani jombozo mupite kuchipatala, pangolo kapena wina akunyamuleni, osati kupalasa nokha. Akakufunsani, nenani kuti munatera pachitsa. Si bodza, ndipo adokotala safunsa zimene munthu anavala. Kodi zitsa za m'Chadiza muno zinathera pabwalo panu? Aliyense amene anatsegulapo munda amazidziwa. Akati mukajambulitse mwendo, kajambulitseni. Akati pumani, pumani mwendo uli pampando.

Mukabwerako tumizani uthenga ku boma afufute dzina lanu. Akuluakulu amene mukuwaopawo auzeni kumbali. Sindikhulupirira kuti chiyambire makolo aka n'koyamba chilombo kupunthwa, njira yake ayenera kuti akuidziwa. Terrance mulekeni aseke, ntchito ya mlamu ndi imeneyo. Mukachira gulani mabuleki, ndipo mukakolola yambani kuthamanga pang'onopang'ono, njira yosadutsa kwa a Simeoni. Chaka chamawa mudzamupatse fumbi munalonjeza lija, ngati adzakhale atachira iyeyo, poti sindinamve kuti akukonzekera kuposa inu.

Tsopano za chinsinsi chanucho. Mukuyesa amayi oimba pabwalo alibe maso? Amayi aona amuna ambiri akutsimphina gule atavinidwa dzulo lake, ndipo amayang'ana kumbali chifukwa cha ulemu. Mwambo umakhala chifukwa cha ulemu umenewo, osati chifukwa cha jombo zanu. Koma palibe amene adzayang'ane kumbali bambo wa ana anayi atagwa chagada pamsewu wa ku boma, nambala ili pachifuwa, nkhope ili poyera, akulira mayo atagwira mwendo wamanzere. Pamenepo ngakhale ana a sukulu adzalumikiza nkhani ziwiri zija, ndipo woulula mudzakhala inu nomwe.

Ndikuchenjezeni komaliza, ndipo apa sindikuseka. Kakolo wovulala mukamuvulazanso akhoza kukusiyani wotsimphina moyo wonse. Mvula ikagwa ng'ombe zidzamangidwa m'goli, ndipo pulawo imafuna munthu wa miyendo iwiri kumbuyo kwake. Adzaigwira ndani? Ndi yemwe uja mukuti sakudziwa chilichonse, amene akutunga madzi, kuwatereka pamoto, n'kukusiyirani kuseri kwa nyumba kuti musachite manyazi. Mayi ameneyo akusenda mtedza wambewu kwinaku akuyang'ana mwendo wanu, ndipo malangizo anakupatsani kale, mwaulemu kuposa ine. Ine ndikungobwereza mawu a Lonia: chilombo chija chipume, mvula ili pafupi.