Khoma lisagwe

Fergus,

Usandisake, ndapita ku Glenelg ndi mayi Spiteri, aneba athu. Galimoto ndatenga, pepa. Ndaboolanso paipi ya panja, choncho madzi ndatseka.

Amisiri akubwera 2 koloko kudzagwetsa khoma la kutsogolo lija. Uwaletse, ngakhale zitafunika kuti ugone patsinde pake.

M'mawa uno ndimakanganula matabwa owola aja pakhomapo, ndiye kuseri kwake ndapeza mabuloko a mabowo, enieni akale, omwe aja ife timafuna kugula ongotengera. Dzuwa litadutsa m'mabowomo, pansi ponse pomwe timaimika galimoto panadzaza timaluwa ta kuwala, mazanamazana. Sindinaonepo zotere, Fergus. Ndinangoima, chitsulo m'manja, kukamwa kuli yasa.

Mayi Spiteri anasuzumira pampanda n'kuti, "Tseka pakamwa mwana iwe, ntchentche za kuno sizigogoda." Kenako ataona khomalo anayamba kulira. Akuti mabulokowo anaumba okha mu 1962, limodzilimodzi, ali ndi pakati, m'chikombole chomwe anakhoma amuna awo. Koma nkhani ya khomali italembedwa m'magazini, munangotuluka dzina la wojambula pulani, munthu woti sanagwirepo simenti. Mpaka pano mtima wanga ukuwira.

Chikombolecho chikadalipo kwa mwana wawo ku Glenelg. Tikukachitenga kuti tiumbe ena m'malo mwa mabuloko asanu ndi awiri omwe ndapeza atasweka, iwo akundiphunzitsa.

Mkulu wa amisiri akayamba zake zija zoti "amayi simungazimvetse izi", umuuze adikire. Amene anamanga khomalo akubwera, ali ndi zaka 87, ndipo atenga ndodo.

Bronte